Kumbuyo Nkochepa, Alamu

Anthu a mumsewu wathu amawatchula kuti a Liwiro, chifukwa chigulireni galimoto yawo yofiira ya mipando iwiri, yooneka ngati ya mpikisano, sanaithamangitsepo kuposa njinga yakapalasa. Tsiku limene akazi awo ankabwerako kwa mwana wawo, kumene anakathandiza kulera khanda, a Liwiro anadzuka nkupeza okonza mapaipi a madzi akumba ngalande kutsogolo kwa geti lawo, eni ake a ntchitoyo osaoneka.

Nkhani inali pagalimotopo. Itangogulidwa, mayiwo anaizungulira kamodzi nkunena kuti abambo akulu ngati iwo agula chidole. Mawuwo anawakhala pamtima a Liwiro, moti analonjeza pafoni kuti akawatenga okha kudepoti pa chidole chomwecho, anthu onse akuona. Tsopano chidolecho chinali mkati mwa mpanda, msewu uli tsidya lina.

Anaitanitsa alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ndi kalipentala. Munthu ameneyu ndi waluso, koma chimene wamuuza ndi chimene amachita, osaonjezera, osachotsera. Anabwera ndi matabwa pawilibala, tepi m'thumba, pensulo kukhutu.

A Liwiro anafotokoza kuti ntchito yake ndi yaing'ono: matabwa awiri, lina uku lina uku, galimoto iwoloke. Koma anachenjeza kuti galimoto zamtunduwu sizili ngati zina. Mpata wa pakati pa matayala akumbuyo ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa akutsogolo, ndipo matabwawo ayenera kuikidwa moganizira zimenezo.

Kalipentala anatulutsa tepi m'thumba. Anagwada, natambasula tepi kuchokera kunja kwa tayala lina kukafika kunja kwa linzake. Anayeza kutsogolo, anayeza kumbuyo, kenako anadzikanda m'mutu ndi pensulo.

"Kumbuyo nkotakata, alamu."

"Nkochepa."

"Tepi ikuti nkotakata. Pang'ono chabe, koma nkotakata."

"Tepi yanuyo yazolowera makabati. Za galimoto siizidziwa."

Kalipentala anaiyang'anitsitsa tepiyo mbali zonse ziwiri, ngati angapezepo polembedwa kuti ndi ya makabati okha. A Liwiro anatulutsa foni, nanena kuti iwo anawerenga bwinobwino: opanga magalimoto sayeza kunja ayi, amayeza kuchokera pakati pa tayala lina kukafika pakati pa linzake.

"Pakati pa tayala?"

"Eya."

"Pakati pa tayala pali mpweya, alamu."

"Sindikunena m'kati. Ndikunena pakati."

"Ndiye ndiliphwetse kaye kuti tepi ilowe?"

A Liwiro anadumpha nkuima pakati pa tayala ndi kalipentala, manja atatambasula ngati akutchingira mwana kwa galu. Atapuma pang'ono, anatsomphola pensulo ija kukhutu kwa alamu awo, nalemba kamzere pamsana pa tayala lililonse, pamene limagawikana pawiri. Anati ayeze kuchokera pa kamzere kukafika pa kamzere.

Kalipentala anayeza. Anabwereza. Nkhope yake inagwa ngati walandira uthenga wa matenda.

"Kumbuyo kwachepa ndi zala ziwiri," anatero motsitsa mawu.

"Ndimanena chiyani?"

"Koma posachedwapa kunali kotakata."

"Kunja. Kunja nkotakata, pakati nkochepa."

"Ndiye galimoto imodziyi ili ndi kumbuyo kuwiri?"

A Liwiro anati kumbuyo ndi kumodzi, ndipo nkochepa, nkhani yatha, akhome matabwa. Kalipentala anavomera. Anakoka matabwa awiri nkuwayala pamwamba pa ngalande, otalikirana cha kugeti, oyandikana cha kumsewu, ngati miyendo ya munthu wamatewe. A Liwiro atafunsa kuti chimenecho nchiyani, iye anayankha kuti akutsata zomwe wauzidwa: kwina kotakata, kwina kochepa.

"Nanga matayala akutsogolo akafika kochepako?"

"Agwa."

"Ndiye mukuikiranji choncho?"

"Mwina nditembenuze, kochepa kukhale kuno?"

"Ndiye agwera konkuno!"

Kalipentala anakhala pa wilibala nkuganiza. Munthu wake sakonda kusiya ntchito ili pakati, choncho anayamba kupereka nzeru imodziimodzi. Yoyamba inali yoti akutsogolo akangowoloka, a Liwiro aime, iye asendeze matabwa ndi zala ziwiri, akumbuyo atsatire. A Liwiro anafunsa ngati adzawasendeza galimoto ili pamwamba. Kalipentala anati zimenezo zitengera kulemera kwake. Yachiwiri inali yoti atuluke chammbuyo, kuti kochepako kutsogole, kotakata kupeze njira itatseguka kale. A Liwiro anangotseka maso.

Foni inalira. Anali mayi aja, kunena kuti basi yayamba kulowa m'tauni.

"Ndili m'njira, mayi," anatero a Liwiro.

Kalipentala anayang'ana pamene anaponda alamu akewo, nayang'ananso msewu, koma a Liwiro anamutsinzinira diso laukali.

Nzeru yachitatu inabwera foni itangodulidwa. Kalipentala anali atagwira tayala lakumbuyo ndi zikhato zonse ziwiri, kenako lakutsogolo, ndipo anaona kuti lakumbuyo ndi lonenepa kwambiri. Anati vuto lonse lili pamenepo. Angomasula limodzi lonenepa nkulipititsa kutsogolo, limodzi loonda libwere kumbuyo, mbali zonse zigawane mofanana.

A Liwiro anagwira pamtima. Anati matayala onenepawo sanaikidwe kumbuyo mwangozi. Injini ya galimoto iyi imazunguza akumbuyo, ndiwo amakankha, ndiye amafunika kugwira msewu ndi malo aakulu kuti asaterereke.

"Nanga akutsogolowa amatani?"

"Amakhota."

"Basi?"

"Kukhota nkochepa?"

"Ndiye wogwira ntchito ndi amene amanenepa," anatero kalipentala, akuyang'ana mikono yake yowonda, kenako mimba ya alamu ake. "Kunyumba kwathu zimenezo sizinafikebe."

A Liwiro anakokera malaya m'munsi nkunena kuti nthawi ikutha.

Koma kalipentala sakanakhoma msomali pa chinthu chimene mutu wake sunachilandire. Anafunsa kuti zingatheke bwanji tayala kunenepa, mpata nkuchepa. Kwa iye chinthu chikanenepa chimatenga malo ambiri, ndipo anali wokonzeka kupereka zitsanzo. A Liwiro, poopa zitsanzozo, anathamangira kumpopi, nathira madzi pasimenti kutsogolo kwa matayala onse. Anamasula buleki, ndipo awiriwo anaikankha galimotoyo pang'onopang'ono mpaka inasiya mizere yonyowa.

Anagwada limodzi, mitu itagundana. Mzere wa tayala lakumbuyo unali utaphimba wa lakutsogolo. Cha kunja unangopitirira pang'ono ngati chikhadabo, koma cha m'kati unalowa ndithu.

"Lanenepera m'kati," anatero kalipentala.

A Liwiro anati ndi zomwezo. Kunja kuli thupi la galimoto, tayala silingatulukire kumeneko, ndiye kunenepa konse kumalowera m'kati. Likatero, pakati pake pamasendera m'kati momwemo, ndipo pakati pa ili ndi pakati pa linzake pamayandikana.

Kalipentala anadzuka pang'onopang'ono, maso akuwala. Anagwira dzanja la alamu ake nkuligwedeza. Anati tsopano wamva, ndipo apepese chifukwa cha tepi yake: kumbuyo nkochepadi.

Koma a Liwiro anali akadagwada. Ankayang'ana kachikhadabo kaja kotulukira kunja, kenako kuya kwa ngalande, kenako utoto wofiira wa galimoto yawo.

"Alamu, matabwa aja muwatalikitseko pang'ono. Kumbuyoku nkotakata."

"Nkochepa."

"Taonani apa, latulukira kunja."

"Kunja sitiyezako. Timayeza pakati."

"Thabwa siligwira pakati pokha, limagwira tayala lonse!"

"Foni yanu ikuti bwanji?"

"Isiyeni foniyo."

"Ayi alamu, mwandiphunzitsa nokha. Ine ndikaphunzira chinthu sindibwerera."

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu, aliyense atanyamula mfundo imene mnzake anabwera nayo m'mawa. Foni inaliranso kawiri, a Liwiro osaiyankha. Pomaliza anagwirizana chinthu chimene palibe anachitcha kugonja: aphatikize matabwa awiriawiri mbali iliyonse, kuti tayala loonda ndi lonenepa lomwe lipeze popondapo, kaya nkochepa kaya nkotakata. Kalipentala anakhoma mitanda pansi pake, mwaukhondo ngati akupanga tebulo la alendo. Popeza dothi lokumbidwa m'ngalandemo linali litaunjikidwa m'mphepete cha kugeti, mitu ya matabwayo anaigoneka pamwamba pa mulu womwewo, naipondaponda kuti ikhazikike.

A Liwiro anavala jekete ndi magalasi akuda, nalowa m'galimoto. Kalipentala anaima tsidya lina, akukodola ndi manja onse awiri. Matayala akutsogolo anakwera mulu uja bwinobwino nkutsikira pamatabwa, pakatikati penipeni. Kalipentala anakweza chala chachikulu.

Kenako panamveka kukhulika pansi, ngati wina akukoka bedi lachitsulo. Galimoto inaima. Mimba yake, imene ili pafupi ndi pansi moti mphaka amachita kukwawa kuti alowe kunsi, inali itakhala pamulu wa dothi. A Liwiro anaponda mafuta. Matayala onenepa aja, ogwira msewu ndi malo aakulu, anazungulira mokongola m'malere, akuwaza tidothi kukhonde.

Anayesa chammbuyo, osatheka. Anafuna kutuluka, koma chitseko chinagunda chipilala cha geti. Anangotsitsa galasi nkukhala momwemo, thukuta likutsikira m'jekete.

Pa nthawi yomweyo takisi inaima mumsewu. Munatsika mayi aja, ndipo pambuyo pawo dalaivala anayamba kutsitsa katundu: masutikesi awiri, thumba la mbatata, beseni lalikulu lodzaza ndi mapoto, ndi mpando wopinda umene mpongozi wawo anawapatsa. Mayiwo analonjera mchimwene wawo, nayamikira kuti mlathowo ndi wooneka bwino. Kenako anayang'ana galimoto imene inatseka geti lonse, nawerama pang'ono kuti aone nkhope ya amuna awo pawindo. Sanakalipe. Anangofunsa ngati imeneyi ndiyo njira ija anati alimo.

A Liwiro anavula magalasi. Anayang'ana masutikesi, thumba, beseni ndi mpando, ndipo nkhope yawo inayamba kubwerera m'malo mwake. Anakhosomola, nanena mofatsa kuti iwo anaziganizira kale zonsezi. Anadziwa kuti mayi sangabwere chimanjamanja kuchokera kwa mwana, ndipo katundu wotere sakanakwana m'galimoto ya mipando iwiri. Nchifukwa chake anaona kuti nkwanzeru kuti takisi inyamule katunduyo, iwo aimike galimoto pageti pomwe, awalandire mwaulemu.

Mayiwo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anawatsogolera ndi mchimwene wawo. Kalipentala anali atalumpha kale mpanda nkugwira kumbuyo kwa galimoto kuti akankhe. Anachotsapo manja, nawapukuta pa thalauza, nkhope ili yodandaula zenizeni.

"Bwenzi mutanena m'mawa, alamu," anatero. "Ine tsiku lonseli ndimayesa mukufuna kuwoloka."