Tsiku Limene Ndinalozetsa Dishi Kunyanja

Zaka zimene matipate anali atangoyamba, ine Fulaye ndinkasesa mchenga pa loji ina ku Senga Bay. Inde, kusesa mchenga m'mbali mwa nyanja. Musaseke ana inu, ikani kaye mafoniwo pansi, chifukwa nkhani iyi pa intaneti yanuyo palibe.

Kunabwera mpikisano wa mpira wa dziko lonse, ndipo bwana wathu a Kamwendo anagula dishi yaikulu yoti n'kuyanikapo usipa wa mudzi wonse, n'kuikhoma padenga, koma analamula kuti kanema ndi wa alendo okha. Mayi Nasiwelo, amene ankatiphikira, anati, "Bwana, si akuti ufulu wafika?"

Bwana anati, "Wafika ku Lilongwe, mayi. Wa kuno ukudikira basi."

Tsono mpikisanowo unagwa nthawi ya mphepo ya mwera, ndipo mwera wa kale sunali wofooka ngati wanuwu, unkanyamula mbuzi ku Maganga n'kukaitsitsa ku Khombedza ikadabzikula. Dishi inkangotembenuka, zithunzi n'kusowa. Wokwera padenga anali ine. Ndinkailozetsa kumlambe wina wothyoka nthambi, n'kuikumbatira mpaka mpira uthe.

Masana ena, timu ya kuno ku Africa ili pafupi kulowa m'bwalo, ndinayang'ana pansi n'kuona antchito anzanga ndi asodzi ataunjikana kunja kwa mpanda ngati nkhuku zonyowa, ndipo mtima unawira. Ndinaigwira dishi ija n'kuilozetsa kunyanja.

"Iwe Fulaye! Wagona?"

"Sindinagone, bwana. Dishiyi ikuti siona bwino chipata chikakhala chotseka."

"Tsika, ntchito yakuthera! Ndikafunsa intaneti mmene amaikonzera."

Sindinatsike. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Kunyumba ndinali ndi ana anayi, koma ndinati zikhale.

Inu mumangokhudza ndi chala zinthu n'kubwera, koma intaneti ya masiku amenewo inkadzera pa waya wa foni, ndipo kompyuta ikamaiitana inkalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Tsamba limodzi kuti litseguke, munthu unkatha kupita ku Chinguluwe, kuwokera mpunga, kukolola, pobwera n'kupeza latseguka theka. Alendo anayamba kumenya matebulo, ena n'kumafunsa njira ya ku loji ina. Intaneti ija inkadziwa dziko lonse, koma mlambe wanga sinkaudziwa.

Bwana anatuluka thukuta lili kamukamu, mawu atafewa. "A Fulaye, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu."

"Lero ndine a Fulaye? Tsegulani chipata, bwana, dishi iyambanso kuona."

Anatsegula. Analowa onse, asodzi ndi nkhafi zawo, Mayi Nasiwelo ndi mthiko m'manja, ndipo ine ndinabweza dishi kumlambe. Chigoli chitalowa denga linadumpha, ine n'kukwera nalo m'mwamba mpaka ndinaona Dedza, koma dishi sindinaisiye. Mpirawo sindinauone ngakhale pang'ono, ndinaumvera m'mapazi.

Mwera utatha ntchito inathadi, pakuti walira mvula walira matope. Bwana anati ndikapita kukapepesa andibwezera tsache langa. Sindinapite, ndipo mpaka lero sindinapite.

Ndiye adzukulu anga, onerani mpira wanu m'manjamo, palibe choipa. Koma mnzako wopanda foni akaima kumbuyo kwako akusuzumira, usamubisire. Sendera pang'ono, pendeketsa dzanja, aone nawo.