Achimwene Sanali Chidakwa

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1974, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo. Sukulu analekezera Fomu 2, kenako anaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo. Mu 1999 anamanga banja ndi alamu athuwa, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 2008 analembedwa ntchito pakampani ina yomanga nyumba zosanja. Pa 14 Juni 2019 thabwa limene anapondapo linathyoka, ndipo anagwa kuchokera pamwamba n'kumenyetsa mutu pasimenti. Chipewa choteteza mutu anali atapempha kangapo, koma ankangouzidwa kuti chikubwera.

Anatsitsimuka patapita milungu, ubongo utavulala. Lilime linkalemera, poyenda ankadzandira, dzina la mwana wawo wamkazi ankachita kufunsa. Kampani inawachotsa ntchito adakali chigonere.

Mu 2020 bungwe lothandiza ovulala m'mutu linatipatsa loya waulere, mayi wosatopa, ndipo mlandu unalowa m'khoti. Kumeneko n'kumene tinakaona nkhanza. Loya wa kampani anawapanikiza achimwene ndi mafunso othamanga, ndipo atayamba kudodoma, anauza woweruza kuti adzionere yekha mmene chidakwa chimalankhulira. Anthuni, munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire! Anzawo awiri amene anawanyamula tsiku la ngozi anaikira umboni kuti ankanunkha mowa. Ali pompano, sitiwatchula. Tsiku limenelo malemu atafika kunyumba kuchokera kukhoti anakhala pansi kuseri kwa chitseko, akulira ngati mwana.

Mlandu unkangoimitsidwa: lero woweruza wasamutsidwa, mawa mboni sinabwere. Malemu ankasita okha malaya, n'kukakhala pabenchi ya kukhoti mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako chimanjamanja. Chaka chatha anayamba kukomoka pafupipafupi, ndipo anatisiya pa 3 Febuluwale 2025, dzina lawo lisanayeretsedwe.

Asiya mkazi, ana atatu, mdzukulu mmodzi ndi mayi awo owabala. Tikuthokoza anamwino, aneba amene ankawaperekeza akasochera panjira, ndi abungwe amene anaphunzitsa alamu kasamalidwe kawo. Tikuthokozanso aloya athu, amene atiuza kuti mlandu sufera limodzi ndi mwini wake; alamu adzaima m'malo mwawo.

Akukampani, nkhata ya maluwa mwatumiza ija taiona. Ili kunja kwa mpanda, muitenge pobwerera.

Achimwene, pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.