Nyimbo Yogonekera Mwana pa Renki

Unali mwezi wa Epulo, 2015, m'dziko la eni, masiku amene anthu obwera ankasakidwa ndi kumenyedwa, pamzere wa pa renki wodikira matekisi opita ku Hillcrest. Foni ya mtsikana wina wobereka mwana inalira nyimbo yovinira, ndipo mayi Asma, telala amene anaima kumbuyo kwake, anamva mawu a Chichewa mkati mwa ng'omazo.

"Zimitsani msanga! Mukufuna atizindikire?" ananong'ona.

"Musaope, amayi. Anthu a kuno amaiyesa yawo. Taonani kondakitala uyo akugwedezera mutu."

"Eish! Imeneyitu ndi nyimbo yotonthozera mwana. Ine ndinalera nayo ana anga onse ku Mangochi. Wayiika ng'oma za kumowa ndani?"

"Mnyamata wina woimba wa konkuno. Akuti anaimva kwa mayi wantchito amene anamulera."

"Ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku? Ife timaimba kuti mwana agone, iye akuti anthu adzuke! Inunso mukumumvetsa mwanayo zimenezi?"

"Nanga nditani? Chipinda chathu n'chamalata. Ndikaimba ndi pakamwa panga, aneba adziwa kuti ndine wa ku Malawi. Ndikayatsa foni, palibe amafunsa."

"Ndiye amagona?"

"Kugona kuti? Amangodumphadumpha mpaka ine msana kuphwanya."

Mayi Asma anasuzumira kamwanako, natsegula pakamwa kuti aiyambe mmene imaimbidwira kwawo. Ataona maso a anthu pamzerepo, anatsekanso pakamwapo, nanong'oneza mtsikanayo kuti:

"Taonani zake! Nyimbo yathu yapeza mapepala, ikuvinidwa poyera. Eni akefe tikunong'ona."