Penti Woyera pa Matabwa a Bambo

Pa mzere wolipira m'sitolo ya zipangizo zomangira, mayi wina anali atakumbatira chitini cha penti woyera. Kumbuyo kwake kunaima kalipentala, pensulo ili pakhutu.

"Mayi, pentiyo mukapaka khoma la simenti?" anafunsa kalipentalayo.

"Ayi, matabwa. Chipinda cha bambo anga ndi chokhoma matabwa mpaka kudenga."

"Opaka vanishi? Aa, musatero mayi, mudzalira!"

"Ndikudziwa kuti ndi okongola. Anakhoma okha, anali kalipentala ngati inu. Achimwene anga andikalipira pa foni sabata yonse, koma iwo sakhala nawo bambowo."

"Nanga ntchito ya mkulu mukuiwonongeranji?"

"Maso awo atha. Khoma lakuda, chitseko chakuda, kwa iwo zonse ndi chimodzimodzi. Dzulo ndinawapeza akupapasa pakona, akufuna kupita kuchimbudzi, koma akuchita manyazi kundiitana. Loweruka lino ndipaka basi, wokwiya akwiye. Chitseko chokha ndichisiya chakuda, kuti azichipeza okha."

Kalipentala uja anachotsa pensulo pakhutu, n'kuyamba kulemba kuseri kwa kapepala.

"Ndiye penti yekhayo sagwira, adzasupuka mwezi usanathe. Mukweche kaye vanishiyo ndi sandipepa, mupukute fumbi, muyambe ndi andakoti, penti woyalira pansi uja. Koma eni ake avomera?"

"Nditawauza, tsiku lonse chakudya sanachikhudze. M'mawa uno andiitana, dzanja lili pakhoma, akuti, 'Iwe, pokwechapo uzitsata mizere ya thabwa. Usapingase.'"