Nsalu Yofiira M'chaka cha Chilala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene muwerenge mawu awa. Ine ndine Eliya, telala wokalamba uja amene ena a inu mumandiseka kuti ndimasoka kabudula mwendo wina wautali. Sekani ndithu, maso anatha. Koma lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa ndi mwavi ku chigwa cha Shire, kutali ndi kwathu, popanda mbale ndi mmodzi yemwe, chifukwa cha nsalu yofiira ndi pakamwa pangapa.

Inali nthawi imene nkhondo ya Azungu inali itangotha kumene. Ine ndinali bambo wa mwana mmodzi, ndipo ntchito yosoka ndinaiphunzira ku mishoni kwathu kumapiri. Kwathuko matelala tinachuluka, moti tsiku linkatha makina anga a pamanja asanalire n'komwe. Munthu wina anandiuza kuti kuchigwa anthu amalima thonje koma wowasokera palibe. Sindinafunse kuti anapitako liti, kapena kuti chaka chimenecho kunali bwanji. Ndinatsanzika mkazi wanga Esitere, ndinakwera sitima ya pamtunda mpaka pa Chiromo, kenaka ndinayenda pansi makina ali pamutu, kulowera dera la Tengani.

Ndinafika pa kamsika kena kamene dzina lake sinditchula, pakuti adzukulu a anthu amenewo alipo ndipo ndilibe nawo mlandu. Panali sitolo zitatu za amwenye, shedi ya thonje yopanda kanthu, ndi nyumba zomwazikana pakati pa milambe ndi mitengo ya minga. Udzu unali utauma mpaka mbuzi kuusiya. Kutentha kwake, abale, ine wa kumapiri ndinali ndisanakuonepo: nthaka inkaotcha mapazi dzuwa lisanakwere. Mwezi wa Disembala unali kutha, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Anthu anali atafesa mapira kawiri, mbewu n'kupsera m'nthaka.

Ndinaona kuti aliyense wavala nsalu yakuda kapena yothimbirira, ndiponso kuti m'sitolo zija munalibe nsalu yowala imene inali poonekera. Ine ndi nzeru zanga ndinati anthuwa ndi osauka ndipo amwenyewa malonda sawadziwa. Mmawa wa tsiku lachiwiri ndinazika mitengo iwiri m'mbali mwa njira yaikulu, ndinatulutsa nsalu yanga yofiira psu, mikono yambiri, n'kuimanga pamwamba kuti indipatse mthunzi komanso iitane anthu. Inkaoneka ngakhale munthu ali kuminda. Ndinakhala pansi pake mtima uli mbee, kudikira makasitomala. Paja safunsa anadya phula.

Mmawa umenewo kumwamba kunali kutasintha. Mitambo yakuda inali kusonkhana kuchokera kutsidya kwa Shire, mphepo inkanunkha chinyezi, ndipo amayi ankaimirira pamakomo kuyang'ana kumwamba. Posakhalitsa m'njira muja munatulukira amuna pafupifupi khumi, opanda nsapato, atanyamula nsalu yakuda yopindapinda ndi mtanga wa mapira. Atafika pamene panali ine anaima ngati aona njoka. Mmodzi wa iwo, wamtali, woonda mpaka nthiti kuwerengeka, amene ndinamva pambuyo pake kuti dzina lake ndi Alufandika, anabwera kwa ine. Sanakalipe ayi, anawomba m'manja mwaulemu.

“Alendo, tsitsani nguwo iyi, nsalu yofiirayi. Ife tikupita ku nsembe ya mvula. Chofiira sichioneka pa dziko lino kufikira mvula itagwa, mitambo imathawa.”

Mawu ake anali osakaniza ndi Chisena, koma ndinamva bwinobwino. Ndikanangoimirira n'kumasula zingwe ziwiri, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo lero ndikanakhala ndilibe umboni. Koma ine ndinali Mkhristu wa buku m'khwapa, wodziona ngati nyali pakati pa mdima. Ndinayankha ndili chikhalire, dzanja lili pa makina.

“Mvula ili m'manja mwa Mulungu. Siopa nsalu ngati mmene mukuopera inu. Pitani mukavinire mitengo yanuyo.”

Gawo loyamba la mawu amenewa ndi loona, ndipo ndimalikhulupirira mpaka lero. Koma ndinalinena pofuna kunyoza anthu anjala, osati pofuna kulemekeza Mulungu. Alufandika anabwerera kwa anzake, ndipo anazungulira kuthengo kuti asadutse pansi pa nsalu yanga.

Dzuwa lisanafike pamutu kunauka chimphepo chotentha, chodzaza fumbi. Nsalu yanga inayamba kukupiza mwamphamvu, ndipo ine ndi maso angawa ndinaona mitambo ija ikung'ambika pakati, ina kulowera kumapiri, ina kubwerera kumene inachokera. Patangopita nthawi yochepa kumwamba kunali kutayera, dzuwa lili phwee. Ndinamva mayi wina akuyamba kulira ngati pamaliro, ndipo mmwenye wa sitolo yoyandikana nane anatseka chitseko chake n'kupiringidza. Apo ndiye ndinaimirira kuti ndimasule nsalu ija, koma mfundo zinakana.

Anandipeza ndikulimbana ndi chingwe chachiwiri. Tsopano sanali khumi, unali mudzi wonse. Nsalu ija anaikhadzula n'kuipondera m'fumbi, ine anandimanga manja ndi luzi. Ena ankati mlendoyu wamanga mvula m'makina akewo, ena ankati watumidwa ndi anthu a kumapiri kuti mvula igwe kwawo kokha. Mfumu ya mudziwo inali itaitanidwa ku boma pa nkhani za msonkho, choncho panalibe woti aletse. Ndinayesa kunena kuti mwavi ndi woletsedwa, kuti boma likamva anthu adzamangidwa. Mawu amenewo anangowonjezera moto, pakuti anagwirizana kuti ndiye zichitike lero lomwe, uthenga usanayende.

Ananditengera ku mtsinje wina wouma, kuseri kwa bango, kumene munthu wodutsa m'njira sangaone. Kumeneko kunali mapondera, mkulu wosinja mwavi, atakhala pa mchenga ndi kamtondo kake. Anandifotokozera modekha ngati akundiuza mtengo wa mchere: ndikamwa n'kusanza, ndilibe mlandu, ndikafa, ndiye kuti mfiti ndi ine, ndipo thupi langa adzalitaya kwa ng'ona. Ndinamva kugunda kwa munsi pa makungwa a mwavi aja.

Ndisakunamizeni, abale, chikhulupiriro changa chonse cha mmawa chija chinasungunuka. Kwathu ndinkakonda kuuza anzanga kuti ine angandiphe koma sindingaope. Pa mchenga paja ndinagwa chogwada popanda wondikankha. Ndinaganiza za Esitere akudikira pa siteshoni mwezi ndi mwezi, wopanda ngakhale manda oti aloze mwana wathu. Ndinayesa Pemphero la Ambuye, mawu anasokonekera. Ndinayesa salimo limene ndinkaliloweza, silinabwere. Chimene chinatuluka ndi ichi chokha, mobwerezabwereza: “Ambuye, ndalakwa, nditumizireni munthu.”

Alufandika anaima patsogolo panga, ndipo ndinaona kuti m'maso mwake munali misozi, osati ukali wokha.

“Mbewu yanga yomaliza ndinaiika m'nthaka lero m'mamawa, poona mitambo ija. Ana anga akudya nyika, mizu ya m'dambo. Ndinakupemphani bwino, alendo. Nkhabe kumva, munakana.”

Mapondera anathira madzi m'chikho, anavundula, madziwo n'kufiira. Kenaka, potsata mwambo wake, anafunsa khamu lija ngati mlendoyu ali ndi nkhoswe. Pano ndi pamene ndinadziwa kuti pa malamulo awo, munthu amene ali ndi mbale womuimira sakakamizidwa kumwa yekha. Mbaleyo amabweretsa nkhuku ya pakhomo pake, amaimangirira ndi chingwe ku chala cha woimbidwa mlandu, ndipo nkhukuyo ndiyo imamwa. Koma ikafa, woimirayo nayenso amasanduka mnzake wa mfiti, nyumba yake amaitentha, iye n'kupirikitsidwa m'mudzi. Mapondera anafunsa kachiwiri, anthu ena anaseka, pakuti ndani angataye nyumba chifukwa cha telala wamwano wobwera dzulo? Anafunsa kachitatu uku akukweza chikho chija.

“Dikirani. Ndi mwananga.”

Anali mayi wina wa msinkhu wapakati, wamfupi, wa mphini kumaso, amene ndinali ndisanamuonepo. Anthu ankamuitana Nsayi. Sanali Mkhristu, m'khosi mwake munali chithumwa. Phokoso linabuka, ena akuti wapenga, ena akuti mwana wa kumapiri unam'bala liti iwe. Mchimwene wake anam'gwira mkono kuti am'bweze, iye anam'sasa.

“Mwafunsa nkhoswe, ndabwera. Kapena mwambo mwausintha lero?”

Mapondera anayang'ana akuluakulu, akuluakulu anayang'ana pansi. Mapondera anaika chikho pa mchenga n'kunena kuti mayiyo akatenge nkhuku. Mayi uja ananyamuka, ndipo nthawi imene anachoka ija ndiyo inali yaitali kuposa zonse m'moyo wanga. Ndinkati mwina akafika kunyumba mtima ukam'bwerera, mwina abale ake akam'tsekera. Dzuwa linkapendeka, anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti sabweranso, tingom'mwetsa. Koma anabwera, atafungatira kankhuku kakakazi kofooka. Ndinamva wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti ndi yomaliza, zina zonse anasinthitsa ndi madeya.

Anamangirira chingwe ku chala changa chachikulu cha kuphazi, mbali ina ku mwendo wa nkhuku. Mapondera anaikanula mlomo n'kuthira mwavi pang'onopang'ono, akutchula mlandu wanga. Kenaka anaiika pansi. Inayenda masitepe angapo mpaka chingwe chinakoka chala changa, inaima, inadzandira, n'kukhala pansi. Maso ake anayamba kutsinzina, khosi linagwera m'mbali. Khamu lonse linasendera pafupi. Ndinaona amuna awiri akutola zibonga zimene anaika pa mchenga. Mayi Nsayi anakhala pansi pafupi nane, mapazi atatambasula, nkhope yake osasintha, koma dzanja lake linagwira bondo langa.

Ndinatsinzina kuti ndisaone. Kenaka ndinamva chingwe chikugwedeza chala changa kawiri. Nditatsegula maso, nkhuku ija inali itatambasula khosi, ikukhosomola, ndipo madzi ofiira aja anatuluka n'kugwera pa mchenga. Inasanza kachiwiri, inadzikung'untha nthenga, n'kuimirira. Mayi wina analuluta, koma yekha, pakuti ena onse anangoti kakasi. Mapondera anati mlendoyu alibe mlandu, mumasuleni. Amene anadula luzi m'manja mwanga anali Alufandika mwiniwake. Ndinamugwira mapazi n'kupepesa chifukwa cha mawu anga a mmawa, iye anangoti, “Pitani, alendo,” n'kutembenuka. Anabwerera ku njala yake, pakuti mvula sinagwe tsiku limenelo, ngakhale mawa lake.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mwavi umanena zoona. Wapha anthu osalakwa ambiri, ndipo nkhuku ija ikanatha kufa monga zimafera zina. Chimene ndikunena n'chakuti ndinapempha munthu, ndipo Mulungu anatumiza munthu, kuchokera pakati pa omwewo amene ine ndinawayesa a mumdima.

Mayi Nsayi ananditengera makina anga pamutu mpaka pa mphambano ya njira ya ku Chiromo, kuopa kuti wina angasinthe maganizo. Ndinafuna kumupatsa nsalu zonse zimene zinatsala, anakana. Ndinamufunsa chifukwa chimene anachitira zimenezi kwa munthu wosamudziwa, ndiponso wamwano. Anatula makina pansi, anapukuta thukuta, ndipo anayankha akuyang'ana kumpoto.

“Mwananga Zuze anam'tenga pa nkhondo kukanyamula katundu wa asilikali. Anzake anabwera, iye ayi. Ena amati anadwala panjira, anam'siya pa mudzi wa anthu a chilankhulo china. Nayenso anali wa pakamwa ngati iwe. Pamene mapondera amafunsa nkhoswe, ine ndimamva ngati akufunsa kumeneko, ndipo palibe akuyankha.”

Ndinalira pamphambano paja ngati mwana, iye ndiye anayamba kunditonthoza. Kenaka anandisenzetsa makina, anati ndifulumire dzuwa lisanalowe, n'kubwerera kumudzi kumene anthu anali asanamukhululukire. Sindinamuonenso. Nditapitako patatha zaka zingapo, ndinauzidwa kuti anasamukira kutsidya, ndipo Zuze sanabwere.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera kwa Esitere ndili moyo, nandilola kuona ana ndi adzukulu. Ndikuthokozanso chifukwa anandithyola khosi louma lija ndisanafe nalo. Inu amene muli pa mchenga wanu lero, kaya ndi matenda, kaya ndi mlandu, kaya mwasowa kolowera, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakuthawani; anayi okha, ngati anga aja, akwanira. Ndipo musamuikire Mulungu malire a kumene thandizo lichokere.

Koma tsiku lina mudzakhala inu m'khamu, wina atagwada pakati, wolakwa ndithu, wopanda mbale. Funso lidzafunsidwa kamodzi, kawiri, ndipo mudzayang'ana uku ndi uku kudikira kuti ayankhe wina. Musadikire kachitatu. Ine ndili moyo chifukwa mayi amene mwana wake analibe womuyankhira anayankha. Ambuye akusungeni nonse. Amen.