Feloshipu ya Chambo

Tayankhani: n'chiyani chimauluka chisanamere mapiko? Pakamwa pa munthu.

Pasiteji ya Monkey Bay, bambo wovala tayi ndi mzuli ankalimbirana mpando wakutsogolo wa minibasi ndi mayi wogulitsa nsomba.

"Tasunthani, mayi. Ine ndalembera feloshipu, posachedwa ndikwera ndege ya ku Jeremani."

"Feloshipu? Iii, a shehe akudziwa kuti mwayamba kuwomba m'manja?"

"Si ya mapemphero! Ndikukaphunzitsa azungu za chambo."

"Chabwino, aphunzitsi. Mukatchula nsomba ili m'besenimu, mpandowu ndi wanu."

"Chambo chimenecho. Chachikazi."

"Anthuni, mwamva? Chambo cha ndevu! Ameneyu ndi kampango, bambo. Pitani kumbuyo, mukayambe kuphunzira ndi matumba a usipa."

Siteji yonse inafa ndi phwete.