Botolo la inki pa siteshoni ya Golomoti

Sitima ya ku Salima inachedwa mmawa umenewo. Amayi awiri osadziwana anakhala pansi pa mtengo, wina atafumbata kabotolo m'manja.

"Pepani mayi, ndi mankhwala amenewo?"

"Iyayi, ndi inki. Ndagulira mwana wanga Veronika kwa Mmwenye. Mayeso a boma ayandikira."

"Kusukulu sawapatsa?"

"Amawapatsa tsiku la mayeso lokhalo. Chaka chatha mwanayu anali asanagwirepo cholembera cha inki, ankangodziwa sileti. Atalakwitsa, ananyowetsa chala ndi malovu kuti afufute monga pasileti. Pepala lonse bii, mpaka kubooka!"

"Kalanga ine! Ndiye analephera?"

"Analephera, chonsecho masamu ali m'mutu. Amalume ake akuti akalepheranso, basi akwatiwe. Ine ndakana. Kuyambira mawa, tikaweruka kumunda, azidzaza pepala limodzi ine ndili pomwepo. Chala chikangolowera kukamwa, ndimenya dzanjalo."

"Kodi inu mumadziwa kuwerenga?"

"Olo dzina langa sindilidziwa."

"Nanga mudziwa bwanji kuti walemba bwino?"

"Mayi, ine ndakulira kusankha thonje. Loyera uku, lothimbirira uko. Zolembazo akaziona okha aphunzitsi, koma dontho silingandidutse."

"Mmm. Wanganso Fabiyano alemba chaka chino, ndipo sileti yake amachita kuinyambita."

"Ndiye mukudikira chiyani? Pezani kabotolo, ndikugawireni."

"Nanga wanu imukwanira?"

"Ikatha ndikagulitsa nkhuku. Mwamuna angadikire, mayeso sadikira."